Madokotala Awiri pa Chiuno cha Galu Mmodzi

Ine sindinakule ndi chikondi cha agalu. Kwathu, kumudzi wina wa kumadzulo kwa Lilongwe, galu ankadya chimene wapeza, ndipo akadwala ankalowa pansi pa nkhokwe. Akatuluka patapita masiku atatu ndiye kuti wachira, akapanda kutuluka ndiye kuti basi. Palibe ankafunsa kuti chamupweteka n'chiyani.

Galu amene ndikunenayu anabwera pakhomo pathu ku Area 47 ngati mphatso. Mwana wathu wamkazi, yekhayo amene tili naye, atasankhidwa kupita ku koleji ku Zomba, amalume a amuna anga anafika ndi kagalu m'katoni. Amalumewa ndi dokotala wa ziweto. Anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ndipo atapuma anatsegula kachipinda koonera ziweto kuseri kwa nyumba yawo ku Area 3. Ankawetanso agalu a mtundu waukulu, a mitu yotakata aja, ndipo galu wawo wamkazi wofiirira anali wotchuka moti anthu ankalembetsa ana ake asanabadwe. Kagalu kathuko kanali mwana wa ameneyo.

Ndinenenso ichi kuti zimveke bwino. Amuna anga anataya bambo awo ali aang'ono, ndipo anakulira m'nyumba ya amalumewo. Pa ukwati wathu ankhoswe a kuchimuna anali iwowo. Akalankhula pakhomo pathu, nkhani inkathera pomwepo.

Kagaluko kanakula ngati kakuthiridwa feteleza. Mwana wanga ankakasambitsa, kukapesa, kukalankhula ngati munthu. Pamene ankanyamuka kupita ku Zomba kanali ndi miyezi isanu, koma msana wake unali utapitirira kale mawondo anga. Tili pa depoti, katundu atakwezedwa m'basi, sanandiuze kuti nditsale bwino ine mayi wake. Anati, "Amayi, galu wanga uja musamugoneke ndi njala. Ndipo akalowa m'nyumba musamam'menye." Ndinavomera mwachangu, poti kondakitala anali akuitana.

Amuna anga ntchito yawo ndi yoyenda m'maboma. Sabata zambiri amachoka Lolemba n'kubwera Lachisanu. Choncho pakhomo tinatsala awiri, ine ndi galu. Sindinganene kuti ndinayamba kumukonda tsiku lakutilakuti. Ndimangokumbukira kuti ndikatsika basi ya kuntchito madzulo, kuchokera ku Capital Hill, ndinkamva akukanda geti ndisanakhote n'komwe, ndipo ndinkayenda mofulumirirapo.

M'mawa wina, ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinatsegula chitseko cha kukhitchini koma sanabwere. Ndinamupeza atagona pansi pa mtengo wa mapeyala. Anandiyang'ana n'kumenyetsa mchira pansi, koma kudzuka kunamutengera nthawi ngati nkhalamba. Atadzuka anayamba kutsimphina, mwendo wakutsogolo wa kumanzere akungougunditsa pansi. Ndinaimbira abwana anga kuti ndichedwa, osanena chifukwa chake, n'kumukankhira m'galimoto, ulendo wa ku Area 3.

Amalume ndinawapeza akuthirira ndiwo zamasamba. Anasamba m'manja, n'kumugoneka galuyo pa tebulo lachitsulo, n'kuyamba kumufinya mwendo kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono, maso atatsinzina. Atafika pakati pa fupa lalitali, galu analira n'kufuna kuwaluma. Iwo anaseka.

"Apongozi, musade nkhawa," anatero. "Awa ndi matenda a kukula. Mafupa akuthamanga kuposa thupi. Lero ndi mwendo uwu, mawa mudzaona zasamukira mwendo wina. Agalu aakuluwa amatero. Ndawaona ambirimbiri."

"Ndiye tichite bwanji, amalume?"

"Mum'tsekere m'khola sabata zisanu ndi imodzi. Asathamange, asadumphe. Mapiritsi awa m'mawa uliwonse akadya. Ndipo muzimudyetsa zenizeni, apongozi, nyumba ikamamangidwa imafuna njerwa."

Anandipatsanso kathumba ka ufa wa mafupa koti ndizithira m'chakudya chake. Ndinabwerera mtima uli m'malo.

Khola lathu lili kuseri kwa nyumba, la njerwa, kutsogolo kuli waya. Galu amene anazolowera kuzungulira mpanda wonse analira tsiku loyamba lonse, lachiwiri chimodzimodzi. Ankaluma waya mpaka nkhama zinatuluka magazi. Mayi oyandikana nafe anandiitana pa mpanda n'kundifunsa mwaulemu ngati galuyo walakwa kanthu. Ndinawauza kuti alamula ndi adokotala. Ndikamapita kuntchito ndinkatuluka mozemba, nsapato zili m'manja, kuti asamve kuti ndikuchoka.

Patapita sabata ziwiri mwendo wakutsogolo uja unachira, monga momwe amalume ananenera. Koma ndikamutulutsa kuti nditsuke m'khola ndinayamba kuona zina. Akafuna kuthamanga, miyendo yakumbuyo ankaiponya yonse iwiri pamodzi. Akakhala pansi ankakhalira mbali imodzi, ndipo podzuka ankayamba ndi yakutsogolo, chiuno n'kumachikoka pambuyo. Pa masitepe awiri a pakhonde ankaima kaye n'kuwayang'ana. Ndinawaimbira amalume.

"Si ndinakuuzani kuti zidzasamuka?" anatero. "M'bwezereni m'khola sabata zina zisanu ndi imodzi."

Mnzanga wina wa mu ofesi, amene amaweta agalu nayenso, atamva nkhaniyi anandiuza za kachipatala kena ka ziweto kufupi ndi City Centre, komwe ali ndi makina ojambulira mafupa. Sabata imeneyo amalume anali atapita kumudzi kukamanga chiliza. Ndinadziuza kuti sindikuwazemba, poti iwo kulibe ndipo galu akuvutika. Loweruka m'mawa amuna anga ali mtulo, ndinanyamuka naye.

Dokotala wa kumeneko anali mayi wachitsikana, wocheperapo kwa ine ndi zaka zambiri, wolankhula motsitsa mawu. Anandiuza kuti ndimuyendetse galuyo pabwalo iye akuyang'ana kumbuyo kwake. Kenako anamugoneka ndi jakisoni n'kumujambula. Ndinadikira ola lathunthu pa benchi, pafupi ndi bambo wina wa ku Old Town amene anabwera ndi mphaka m'dengu. Atandiitana, anayika chithunzi pa galasi lowala n'kupinda chibakera cha dzanja limodzi, n'kuchilowetsa m'chikhatho cha linalo.

"Mayi, fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira. Mutuwo umayenera kukhala mkati mwa fupa la chiuno chonchi, mothina. Galu wanuyu pamene uyenera kukhalapo n'posazama, ndiye ukungokhala m'mphepete, ukugwedera. Mbali zonse ziwiri, koma kumanja kwanyanya."

Ndinafunsa ngati zidzatha akamaliza kukula. Anapukusa mutu. Anati mafupawo akamakhulana amaperepeseka, ndipo pakutha pa zaka zochepa galuyo akhoza kumavutika ngakhale kudzuka. Anati pali opaleshoni yowongola fupa la chiuno kuti ligwire bwino mutu uja, koma imatheka galu asanakwanitse miyezi khumi, mafupa asanakhwime komanso asanawonongeke. Iye sankaichita. Panali dokotala wina wa mafupa amene ankabwera kuchokera kunja mwa apo ndi apo, ndipo anali kuyembekezeka pakatha sabata zisanu ndi imodzi.

"Panopa mum'tulutse m'khola," anatero. "Aziyenda pa chingwe pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo kuti minofu ya m'chiuno ilimbe, ndiyo ikumugwira. Chakudya muchepetse, wanenepa kwambiri. Ndipo mukumupatsa china chilichonse choonjezera?"

Ndinatchula za ufa wa mafupa uja. Anati ndisiye lero lomwe. Kenako anandifunsa kuti anandiuza zimenezo ndani, ndipo nditatchula dzina la amalume, cholembera chinaima m'manja mwake.

"Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kugwira galu," anatero. "Ndili pasukulu ndinkapita kwawo pa holide kukaphunzira ntchito."

"Ndiye alakwitsa?"

"Sindinanene choncho, mayi. Ine ndikunena zimene ndikuona pa chithunzichi." Kenako anafunsa kumene tinamutenga galuyo. Nditamuuza, anayang'ana pansi. "Vuto limeneli nthawi zambiri limachokera kwa makolo. Limayenda m'magazi."

Ndinamupempha kuti awaimbire yekha amalume, akambirane okhaokha monga anthu a ntchito imodzi. Anati sangathe kuimbira munthu wamkulu ngati ameneyo kuti amuuze za agalu ake, pokhapokha iwo atayamba kumufunsa. Anayika chithunzicho mu envulopu yayikulu yakhaki n'kundipatsa.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi. Ndinafotokoza zonse, iwo akungoyang'ana envulopu ija osaitsegula.

"Mwapita kwa dokotala wina osandiuza?"

"Galu akuvutika, bambo."

"Ndiye mukufuna ine ndipite ku Area 3, ndikakhale pampando wa amalume, ndikawauze kuti ntchito yawo saidziwa? Kuti agalu amene amagulitsa kwa anthu ndi olumala? Kuti mwana amene anam'phunzitsa okha wawaposa?" Anayika kapu pansi. "Mayi, galu ndi galu. Amalume ndi amalume. Chithunzicho chibiseni."

Ndinachiyika pamwamba pa wadirobu, pansi pa sutikesi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kukhala moyo wa pawiri. M'mawa kwambiri, basi ya kuntchito isanafike, ndinkamumanga chingwe n'kuyenda naye mpaka pamphambano n'kubwerera, monga ananenera dokotala wachitsikana. Ndikabwerako ndinkamutsekera m'khola, monga ananenera amalume. Tsiku lina ndinkamuchepetsera chakudya, koma akandiyang'ana mbale ili yopanda kanthu ndinkakumbukira za njerwa zija n'kumuonjezera. Ufa wa mafupa ndinkathira lero, mawa ayi. Akadzuka bwino m'mawa sindinkadziwa kuti wathandiza ndani, akadzuka movutika sindinkadziwanso kuti ndamupweteka pomvera uti. Mu ofesi ndinkakhala ndi fayilo yotsegula kutsogolo kwanga, maganizo ali ku miyendo yakumbuyo ya galu.

Lamulungu lililonse amalume anali ndi chizolowezi chodutsa kwathu akaweruka ku tchalitchi. Ndikamva hutala ya galimoto yawo ndinkathamangira kuseri kukaonetsetsa kuti galu ali m'khola ndipo chingwe ndachibisa. Iwo ankapita kukamuona, n'kulowetsa dzanja pa waya, galu n'kumawanyambita.

"Akuoneka kuti waonda, apongozi. Mukumumana?"

"Ayi amalume, mwina n'kutenthaku."

Amuna anga ankayang'ana kumbali. Amalume ankasiya kathumba kena ka ufa wa mafupa pa tebulo, ine n'kuthokoza ndi manja awiri.

Madzulo a Lamulungu lomwelo mwana ankaimba kuchokera ku Zomba. Poyamba ndinkamubisira, koma tsiku lina anandiuza kuti ndimujambule galu wake akuyenda ndimutumizire pa foni, ndipo ataona anazindikira yekha. Ndinamuuza zonse. Analira, kenako anayamba kuwerenga za matendawa pa intaneti n'kumanditumizira zimene wapeza, zina zonena kuti opaleshoni ndiyo yokha ingamupulumutse, zina zonena kuti agalu ena amafa nayo. Pamapeto pa uthenga uliwonse ankalemba kuti, "Amayi, chonde musachedwe." Sananene kuti ndisachedwe kuchita chiyani. Nditamuuza kuti alankhule yekha ndi bambo ake, anayesa kamodzi, ndipo bambo ake anamufunsa ngati anapita ku Zomba kukaphunzira za agalu.

Nayenso dokotala wachitsikana ankanditumizira uthenga sabata iliyonse. Ankafunsa mwaulemu kuti galu akupeza bwanji, n'kundikumbutsa kuti dokotala wa mafupa uja akufuna kudziwa ngati alembe dzina lathu. Ankanenanso kuti ngati pali mpata ndibwere naye msanga kuti amuonenso, poti mafupa ogwedera sadikira munthu. Ndinkawerenga uthengawo, n'kuyika foni chozondoka. Mayankho ndinkalemba n'kufufuta.

Ndinayesa kufunsa anthu ena. Mnzanga wa mu ofesi uja anati makina sanama. Mayi anga, amene anabwera kudzagona masiku awiri pochokera kuchipatala, anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto n'kundifunsa kuti, "Kodi ukwati wako ukufuna kuugwedeza chifukwa cha galu?" Ndinkadziwa kuti aliyense amene angamve nkhaniyi kumudzi angaseke, ndipo kusekako sindikanawatsutsa nako. Koma iwo sankamuona galuyo akuyesa kukwera masitepe awiri aja kuti adzagone pafupi ndi mapazi anga.

Zinaululika Loweruka lina madzulo, sabata yachinayi kuchokera pamene ndinakamujambulitsa. Amuna anga anali atapita kukaimika galimoto pa mzere wa mafuta. Ine ndinamutenga galu pa chingwe, poganiza kuti Loweruka amalume sabwera. Tikubwerera, titatsala pang'ono kufika pageti, galimoto ya amalumewo inaima pambali panga. Anali atabwera kudzasiya mbatata zochokera kumudzi. Anatsitsa galasi n'kuyang'ana chingwe, n'kuyang'ana galu, n'kuyang'ana ine.

"Apongozi, ndinati sabata zingati?"

Bodza linali pakamwa, koma ndinali nditatopa nalo. Ndinawapempha kuti alowe. Ndinawapatsa mpando pakhonde, n'kukwera pa situlu kuchipinda, n'kutsitsa envulopu ija. Ndinagwada powapatsa, ngati ndikupereka kalata ya mlandu.

Anasolola chithunzicho n'kuchikweza kumwamba, kuloza kumene kunali kuwala. Anachiyang'ana nthawi yayitali. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi mpango, n'kuchiyang'ananso. Galu anali atagona pa mapazi awo. Atawerenga dzina la chipatala pa envulopu anangoti, "Oho."

"Amalume, pepani. Inu munali kumudzi, ndiye ndinachita mantha."

"Chithunzichi anajambula galu atagona mopendekeka," anatero. "Taonani mafupa awiriwa, salingana. Galu akapendekeka pang'ono chabe, chiuno chabwinobwino chimaoneka chogweduka. Ana a masiku ano amakhulupirira makina kuposa manja awo." Anabwezera chithunzicho mu envulopu mosamala. "Galu wanga wamkazi uja wabereka kasanu. Palibe munthu anabwerapo kudzandiuza kuti mwana wake walumala. Mukafuna kuti am'ng'ambe galuyu n'kumuthyola mafupa ali bwinobwino, ndi wanu, ndinakupatsani. Koma zikakavuta musadzabwere naye kwa ine."

Tiyi anakana. Mbatata anazisiya pageti. Amuna anga atabwera ndinawauza, ndipo sanakalipe. Anangolowa m'nyumba, ndipo mpaka Lolemba pamene ankanyamuka, mawu amene tinalankhulana anali a madzi osamba ndi makiyi.

Lachiwiri ndinapempha kuchoka msanga kuntchito, n'kupita kwa dokotala wachitsikana uja ndi galu yemwe. Ndinamuuza zimene ananena amalume. Ndinkayembekezera kuti akwiya, koma anatulutsa chithunzicho n'kuchiyang'ana ngati akuchiona koyamba.

"Akunena zoona kuti chapendekeka pang'ono," anatero. "Tijambulenso."

Chachiwiri chinatuluka chowongoka. Mbali ya kumanzere inaoneka bwinoko kuposa poyamba. Ya kumanja inali chimodzimodzi. Anandionetsanso mabanga oyera mkati mwa fupa la mwendo wakutsogolo, umene anaujambulanso tsiku limenelo, n'kunena kuti matenda a kukula amene amalume anawapeza ndi manja analipodi, ndipo mapiritsi awo anathandiza. Galuyo anali ndi mavuto awiri nthawi imodzi, aliyense anagwira lake.

"Ndiye ndiuzeni chimodzi, adokotala," ndinatero. "Akachitidwa opaleshoni achira?"

"Ambiri amapeza bwino. Ena ayi. Ena bala limavuta."

"Nanga akapanda kuchitidwa?"

"Alipo agalu a chiuno chotere amene amakalamba akuyenda. Aliponso amene pofika zaka zitatu amakhala akukwawa. Sindingadziwe kuti wanuyu ali mbali iti."

"Akanakhala wanu?"

Anazengereza. "Ndikanachita. Koma ine sindikhala m'nyumba mwanu, mayi."

Ndinakhala m'galimoto pabwalo la chipatalacho kwa nthawi ndithu, injini ndisanalize, galu akadali woledzera ndi jakisoni kumpando wakumbuyo. Ndikavomera, ndiye kuti ndasankha dokotala wachitsikana kusiya ankhoswe athu, ndipo galu akafera pa tebulo ndidzayenda nazo moyo wanga wonse. Ndikakana, ndidzamuyang'ana bwanji mwana wanga tsiku limene galu wake adzalephere kudzuka? Ndinalowanso mkati n'kuuza mayi wa pa kauntala kuti alembe dzina lathu. Amuna anga ndinawauza pa foni madzulo ake. Anati, "Mwasankha kale, ndiye mukundiuziranji?" Koma tsikulo litafika anapempha tchuthi kuntchito, ndipo ndi iwo amene anamunyamula galuyo kumukweza m'galimoto.

Tinafika m'mawa, galu asanadye monga anatilamulira. Dokotala wa mafupa anali bambo wamtali, wa imvi za apo ndi apo. Anayang'ana zithunzi zonse ziwiri, n'kumugoneka galuyo, n'kulowa naye mkati. Tinakhala pa benchi tikuganiza kuti tidikira mpaka masana. Pasanathe ola anatuluka, dokotala wachitsikana ali pambuyo pake, ndipo manja awo anali oyera.

Anatiuza kuti sachita opaleshoniyo. Atamugwira chiuno galu ali mtulo, anamva mafupa akukhulana, ndipo atajambulanso anapeza kuti m'mphepete mwa fupa la kumanja mwayamba kale kudyeka. Kuwongola fupa lodyeka kale, anatero, n'kumuvutitsa galu pachabe. Anati tizimusunga wowonda, tiziyenda naye tsiku lililonse, tiyale zinthu pa matailosi kuti asamaterereke, ndipo ululu ukadzakula kwambiri m'tsogolo, ilipo opaleshoni ina yochotsa mutu wa fupa uja imene imatheka pa msinkhu uliwonse.

Ndinafunsa funso limene linali kundidya. "Tikanabwera msanga?"

"Ine kuno kunalibe," anatero. "Mwina akanakhala kuti anayamba kuonda ndi kuyenda miyezi iwiri yapitayo, bwenzi lero tikulankhula zina. Mwinanso ayi. Chiuno chimenechi anabadwa nacho."

Ndinaganiza za ufa wa mafupa umene ndinkathira lero n'kusiya mawa, ndi masiku onse amene ndinkamutsekera m'khola poopa hutala ya Lamulungu. Dokotala wachitsikana sanandiyang'ane. Pobwerera amuna anga anayendetsa pang'onopang'ono pa mabampu onse. Titafika pageti anati, "Ndiye kuti amalume sitiwauza kuti tinapita." Ndinati chabwino.

Mwana ndinamuuza madzulo omwewo. Anangofunsa pa foni ngati galu wake wadya. Za kuchedwa sanatchule, tsiku limenelo ngakhale masiku ena onse, ndipo ine sindinayambitsepo.

Amalume anasiya kudutsa kwathu Lamulungu kwa miyezi itatu. Atayambiranso, ankakhala pakhonde, galu n'kubwera kudzagona pa mapazi awo, iwo n'kumamusisita m'makutu uku akukamba za mvula ndi za kumudzi. Dzanja lawo nthawi zina linkatsetsereka mpaka pachiuno, n'kuima pamenepo kanthawi, zala zikufufuza. Sanafunsepo kuti zinatha bwanji. Anali akazi awo amene anandinong'oneza kukhitchini tsiku lina kuti galu wamkazi uja anamutseka, sadzaberekanso, ndipo anthu amene analembetsa ana anauzidwa kuti wakalamba.

Galuyo tsopano ali ndi zaka zinayi. Ndi wowonda moti alendo amaganiza kuti timamumana. M'nyumba monse muli mikeka ndi tizidutswa ta kapeti. M'miyezi yozizira amadzuka movutika ndipo amamwa mapiritsi, kukatentha amathamangako pang'ono ndi kudumpha kwake kwa miyendo iwiri kuja. Kukamuonetsa ndimapita naye ku City Centre mkati mwa sabata, koma katemera wa chiwewe amabayidwa ku Area 3, chifukwa amuna anga anati tikasiya ngakhale zimenezo, amalume adzaona ngati tawataya.

Chaka chatha bambo wina wa ku Area 10 anandiimbira foni. Anati nambala yanga anaipeza kwa mnzanga wa mu ofesi uja. Galu wake anabadwa tsiku limodzi ndi wathu, mayi mmodzi, ndipo wayamba kulephera kukwera m'galimoto. Anapita naye kwa dokotala wamkulu wa ku Area 3 amene anamugulitsa, ndipo anauzidwa kuti mwina anagwa penapake. Ankafuna kudziwa ngati wathu ali bwino.

Amuna anga anali pompo, akuwerenga nyuzipepala, ndipo ndinaona kuti asiya kutembenuza masamba. Ndinatuluka panja. Ndinamuuza bamboyo kuti galu wathu amavutika chiuno, kuti amuchepetsere wakeyo chakudya, ndipo ndinamulongosolera njira ya ku chipatala cha ku City Centre kuti akamujambulitse. Anafunsa ngati matendawa ndi a kumtundu. Ndinati zimenezo akafunse adokotala. Kenako ndinamupempha kuti akadzakumananso ndi dokotala wa ku Area 3 uja, asadzanene kuti analankhula ndi ine.